Kodi aku Denmark amabisa chani m'timabuledi tawo tija?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene amaphika masikono ndi makeke a maoda. Ndaidula pang'ono koma mfundo yake ndi iyi: "Mchemwali wanga ali pa sukulu ku Copenhagen, amangonditumizira zithunzi pa WhatsApp za bekale ina yakalekale, pakhomo pake anapachikapo chinthu chagolide chopiringizika chokhala ndi chisoti chachifumu. Timabuledi tawo ndi topepuka, mkati muli timizere tambirimbiri. Ndayesa resipe ya pa YouTube koma zikumatuluka zolimba gwa, mafuta n'kumayenderera mu tileyi. Anthu amenewa ntchitoyi anaiyamba bwanji, nanga pali chimene amathira chomwe sakutiuza?"

Mayi, zikomo kwambiri. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi, palibe chomwe akubisa. Fulawa, yisiti, mkaka kapena madzi ozizira, mazira, kashuga pang'ono ndi batala wambiri zedi, basi. Chomwe anzathuwa ali nacho ndi kuzizira, nthawi, komanso manja omwe aphunzitsidwa kwa zaka, ndipo za manjazi ndi zomwe mbiri yonse ikukamba.

Chagolide chijacho amachitcha kringle, ndi chizindikiro cha gulu la ophika buledi kuyambira kalekale, nthawi yomwe anthu ambiri sankadziwa kuwerenga ndiye munthu ankangoyang'ana mmwamba n'kudziwa kuti apa ndi pa buledi. Kalelo m'matauni a ku Denmark sumangodzuka n'kugula uvuni n'kuyamba geni ayi. Ntchito iliyonse ya manja inali ndi gulu lake lotchedwa laug, la ophika buledi a mu Copenhagen linayamba zaka mazanamazana zapitazo ndipo mpaka pano lilipo. Mnyamata ankayamba ngati wophunzira, kugona pa nyumba ya abwana, kudzuka pakati pa usiku kukoleza moto mu uvuni, kusenza matumba a fulawa, kenako patapita zaka ankayesedwa mayeso a manja kuti akhale svend, mmisiri wolembedwa ntchito, ndipo ambiri ankayendayenda m'matauni ena ngakhale mpaka ku Germany kukaona mmene ena amachitira. Kuti ukhale mester, mwini bekale, gulu lomwelo limayenera kukuvomera kaye, ndiye mukudziwa kale mmene zimakhalira anthu omwe ali kale pa msika akamasankha okha woti apikisane nawo. Mwana wa mwini bekale, kapena amene wakwatira mayi wamasiye wa mwini bekale, njira yake inkakhala yosalala kuposa ya ena. Akuluakulu a tauni nawonso ankaika mtengo ndi kulemera kwa buledi, chifukwa buledi akakwera mtengo tauni sikhala pa mtendere.

Ine sindingachemelere dongosolo limenelo, linali ndi nkhanza komanso kukondera, koma chinthu chimodzi linachita bwino, luso silinkatayika. Mu 1857 boma linakhazikitsa lamulo la ufulu wochita malonda, linayamba kugwira ntchito mu 1862, ndipo mphamvu ya magulu aja yotsekereza ena inathera pomwepo. Koma kuphunzira pansi pa mmisiri sikunathe. Mpaka lero wofuna kukhala wophika buledi kumeneko amatha zaka zoposa zitatu, akusinthana pakati pa sukulu ya ntchito zamanja ndi bekale yeniyeni, n'kumaliza ndi mayeso a svend omwe aja.

Ngati mchemwali wanuyo akunena bekale yakale kuposa zonse mu Copenhagen ndiye ndi Sankt Peders Bageri, mu kamsewu ka Sankt Peders Stræde pafupi ndi yunivesite yakale. Pamalopo akhala akuphika kuyambira 1652, chaka chomwe mzungu wa ku Holland Jan van Riebeeck anafika ku Cape, ku South Africa, tangoganizani. Lachitatu lililonse amaphika onsdagssnegle, timabanzi topiringiza ta sinamoni koma tikuluutikulu kuposa masiku onse, ndipo ana asukulu amaima pa mzere mpaka panja. Muwauze apite Lachitatu, asachedwe.

Tsopano chomwe chimadabwitsa ambiri. Timabuledi mukufunsato, tomwe azungu a ku Britain ndi America amatitcha Danish, eni akewo amati wienerbrød, kutanthauza buledi wa ku Vienna, ku Austria. Nkhani yomwe imakambidwa kwambiri ndi yoti cha m'ma 1850 antchito a m'mabekale anachita sitalaka, mabwana n'kukatenga amisiri akunja, ena a ku Austria, ndipo amenewa ndi omwe anabwera ndi kapindidwe ka batala mkati mwa ufa wokanda. Sitalaka itatha aku Denmark anapitiriza okha, n'kuonjezera batala ndi mazira mpaka chinthucho chinasanduka chawochawo. Kenako anthu osamukira ku America anapita nacho. Wophika wina dzina lake L.C. Klitteng anatchuka nazo kumeneko cha m'ma 1915, ndipo tauni ya Racine ku Wisconsin, komwe kunakhazikika aku Denmark ambiri, mpaka lero imadziwika ndi kringle, mtundu wa wienerbrød wa dzina limodzi ndi chizindikiro chagolide chija, moti mu 2013 boma la Wisconsin linachita kuika m'lamulo kuti ndi chakudya chawo chonyadira.

Koma musaganize kuti anthuwa amakhalira zotsekemera. Zimenezo ndi za Loweruka ndi Lamulungu mmawa, kapena wina akakhala ndi befide ku ofesi. Buledi wawo weniweni, nsima yawo tingoti, ndi rugbrød, wakuda bii, wolemera, wowawasa pang'ono, wopangidwa ndi mbewu ya rye yomwe imapirira kuzizira ndi dothi lamchenga kuposa tirigu. Safufumitsa ndi yisiti wa mu paketi koma ndi ufa wosasa womwe amasungako pang'ono kuchokera pa kuphika kwapita. Kumidzi kale mabanja ankaphika okha mikate yambiri nthawi imodzi mu uvuni wamkulu wa njerwa n'kumadya kwa masabata, tirigu woyera anali wa anthu a ndalama ndi masiku a chikondwerero. Ana ambiri mpaka pano amanyamula rugbrød wopaka zinthu pamwamba popita ku sukulu. M'zithunzi za mchemwali wanu mwina simunamuone chifukwa sakongola, amaikidwa pa shelefu ya kumbuyo.

Chomwe chimandisangalatsa ine ngati munthu wokonda za geni ndi romkugler. Makeke ndi wienerbrød zotsala dzulo sataya, amazinyenyanyenya, kuthira koko, jamu ndi kafungo ka ramu, n'kuumba timipira togulitsa motchipa. Ophika akale sankalola kanthu kupita kudzala. Inunso mayi, zodula m'mbali mwa keke ya ukwati zija mumapita nazo kuti?

Ndipo anthuwa pa nkhani ya bekale sachita nthabwala. Mu 2013 kunabuka phokoso pomwe akuluakulu oona za chakudya anafuna kutsata malire a European Union pa mankhwala ena achilengedwe opezeka mu sinamoni wa cassia, otchedwa coumarin, omwe ukadya ambiri amatha kuononga chiwindi. Ophika analusa kuti mukufuna kutiphera kanelsnegl, kabanzi kathu ka sinamoni, chonsecho a ku Sweden anali atalemba kale kabanzi kawo ka sinamoni ngati chakudya cha makolo chololedwa mlingo wokwera. Mapeto ake aku Denmark nawonso anachita chimodzimodzi. Vuto lenileni la mabekale ang'onoang'ono si limenelo koma masupamaketi ndi mafilingi siteshoni omwe amangotenthetsa zochokera ku fakitale zili zoundana kale, moti mabekale ambiri a m'matauni ang'onoang'ono atsekedwa, pomwe mu Copenhagen mwatsegulidwa atsopano odula ngati Hart Bageri ndi Juno, ndipo Lagkagehuset inakula mpaka kukafika ku London ndi dzina loti Ole & Steen.

Tibwere ku tileyi yanu yodzadza mafuta ija. Timizere mukutionato timabwera chonchi: ufa wokanda mumauyala, batala wozizira mumamuphwathalitsa n'kumuika pakati, kutseka, kuyala ndi mpini, kenako kupinda patatu, mbali iyi pakati inayo pamwamba. Mu furiji kwa theka la ola. Kuyalanso, kupindanso patatu, mu furiji. Kachitatu chimodzimodzi. 3 kuchulukitsa ndi 3 kuchulukitsanso ndi 3, mwapeza mizere 27 ya batala, ndipo nambala imeneyi ndi yomwe ophika a ku Denmark amatsata. Mu uvuni madzi a mu batala amasanduka nthunzi n'kukankha mzere uliwonse mmwamba, kupepuka kuja n'kumeneko. Ndiye batala akasungunuka muli mkati moyala, amalowerera mu ufa, mizere yatha, mwaphika sikono yamafuta basi. Akalimbanso kwambiri amasweka timagawo n'kuboola ufa. Amafunika akhale wozizira koma woti mukamupinda asathyoke.

Ku Zomba mwezi wa October masana musayese n'komwe, mungotaya ndalama. Yesani June kapena July, m'mamawa kusanache, fulawa ndi mkaka zigone mu furiji, ndipo mukaona ufa wayamba kunyezimira kapena kumata pa tebulo siyani pompo mubwezeretse mu furiji. Musakande kwambiri ngati buledi wamba. Pofufumitsa musaike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula monga mumachitira ndi mabanzi, ndikuganiza kuti mafuta anu akuthawira pamenepo, siyani pamalo ofunda pang'ono chabe ngakhale zitenge maola awiri. Uvuni ukhale utatentha kale cha pa madigiri 200 mpaka 220 a Celsius.

Za batala ndikudziwa, mtengo wake ndi wolira nawo. Musachite manyazi ndi majarini, mabekale ambiri a ku Denmark komweko akhala akugwiritsa ntchito majarini wapadera woyalira kwa zaka zambiri chifukwa sasungunuka msanga. Koma akhale wolimba wa chibuloko wophikira uja, osati wofewa wa m'kontena wopaka pa buledi, ameneyo madzi ndi ambiri. Yambani ndi theka la kilo ya fulawa ndi magalamu 250 mpaka 300 a mafutawo, ndipo oyambawo musalandire nawo oda, adye kaye ana pakhomo. Mukadula pakati n'kuona mizere ngakhale khumi yokha munditumizire chithunzi.