Nyengo yosaka yayandikira koma mimba yakula

Funso: Akulu, ndimagwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire ku Limpopo m'dziko la South Africa, kusaka kumayamba mu Meyi ndiye chaka chatha ndinkangotsalira m'mbuyo ndili wefuwefu, mimbanso yakula. Nditani?

Yankho: Achimwene musadikire Meyi, yambani panopa. Muziyenda mphindi 30 m'mamawa mutavala nsapato zomwe mudzasakirezo kuti zisadzakutupitseni matuza, pakatha masabata awiri muzibereka chikwama cha makilo 5 n'kumakwera zitunda, paja kukoka nswala m'miyala si masewera. Nsima chepetsani mitanda, masamba achuluke, zakumwa za shuga ndi mowa wapa wikendi siyani kaye. Kutsika theka la kilo pa sabata kwakwana, osadzimana chakudya ayi. Koma wefuwefuyo akamabwera ndi kupweteka pachifuwa, chonde pitani kuchipatala akakuyezeni BP musanayambe.