Kodi chitsulo chingayende ngati madzi chisanasungunuke?

Bambo wina wowotcherera mageti ku Kalingalinga wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo wawauza kuti chitsulo cholimba chimayenda ngati madzi pochisula, koma iwo sakukhulupirira: chinthu choti sichinasungunuke chiyenda bwanji?

Bambo, mwanayo sananame, ndipo inu nomwe mumaziona tsiku ndi tsiku. Mukamenya mutu wa msomali ndi nyundo mpaka kuphwatalala, palibe chomwe chatayika. Chitsulo changosuntha, kuchoka pakati kupita m'mbali.

Mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085, koma waya wamagetsi, ngati amene amapanga ku fakitale ya Zamefa ku Luanshya, amamukoka ali wozizira kudzera m'mabowo ang'onoang'ono, lililonse locheperapo kuposa linzake. Mafelemu a aluminiyamu a mawindo ndiye amandisangalatsa kwambiri. Amatenthetsa chigamphu cha aluminiyamu kufika cha m'ma madigiri 450 kapena 500, pomwe kusungunuka kwake n'pa 660, n'kuchikankha pabowo ndi mphamvu yoopsa. Chimatuluka ngati nsima pakati pa zala mukaifinya. Injiniya wina wa ku France, Henri Tresca, anayesa zotere ndi mtovu cha m'ma 1864.

Nanga m'katimo mumachitika chiyani? Maatomu, tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri timene timapanga chitsulo, amakhala m'mizere yolongosoka, koma mwina ndi mwina mzere umathera panjira, n'kusiya kakhwinya. Onani mmene chinkubala chimayendera pa nthambi: sichinyamula thupi lonse nthawi imodzi, chimapanga kalinunda kumbuyo, kalinundako n'kuyenda mpaka kumutu. Timakwinyati timayenda chimodzimodzi, atomu imodzi imodzi, n'chifukwa chake mphamvu ya nyundo imakwana. Izi anazifotokoza asayansi atatu, Taylor, Orowan ndi Polanyi, mu 1934, aliyense payekha.

Koma si madzi enieni ayi. Madzi amayenda okha, chitsulo chimadikira kukankhidwa mopyola malire ake, ndipo mukasiya chimaima pomwepo. Komanso chikamayenda chimauma. Tengani waya wa mkuwa, mupinde uku ndi uku pamalo amodzi: poyamba ndi wofewa, kenako alimba, atenthe m'zala, athyoke. Timakwinya tija tachuluka n'kukolana, tasowa podutsa.

Musanafike pothyoka, muikeni pa makala a mbaula mpaka afiire, mumusiye azizire. Moto umakonzanso mizere ija, ndipo waya yemweyo mumupindanso ndi zala ziwiri zokha. Kayeseni mwana wanu akuona.