Mwana ali Sitandade 3 koma kuwerenga kukumukanika: ndimusamutse?

Mayi wina wa ku Kawale wanditumizira imelo, ndipo funso lake ndi ili: "Mwana wanga ali mu Sitandade 3 pa sukulu ya boma, koma mpaka pano satha kuwerenga. M'kalasi mwawo ndi modzaza, ena amakhala pansi. Ife makolo amatiitana pokhapokha akafuna ndalama. Kodi sukulu imamuthandiza chiyani mwanayu? Ndingomusamutsira ku pulaiveti?"

Mayi, zikomo polemba. Musafulumire kumusamutsa. Yambani mwapita kusukuluko, osati tsiku la msonkhano, koma tsiku wamba, mukaonane ndi aphunzitsi ake.

Kudzaza kwa m'kalasi mukunenako si kwa lero. Boma litachotsa fizi ya ku pulaimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa osakwana 2 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zipinda, madesiki ndi aphunzitsi sizinachuluke mofanana ndi anawo, ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe. Muno mu Lilongwe zimanyanya chifukwa anthu akubwerabe kudzakhala m'tauni. Ku Chinsapo, ku Mtandire, ku Area 25, kupeza ana oposa 100 m'kalasi imodzi si chachilendo. Mphunzitsi woteroyo, ngakhale akhale wakhama chotani, amayenda ndi ana omwe akumutsatira. Mwana wofatsa amene wakhala kumbuyo amangobwereza mokweza zimene anzake akunena, pakamwa pakuyenda, koma maso sali pa chilembo. Akhoza kufika Sitandade 3 chonchi popanda womutulukira.

Komabe sindikuvomereza kuti sukulu sichita kanthu. Kuyambira mu 2016 pali ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, National Reading Programme, yokhudza Sitandade 1 mpaka 4. Ana amayamba ndi maliwu a malembo, kenaka maphatikizo, kenaka mawu ndi ziganizo. Mwayi wathu ndi wakuti Chichewa chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira. Mwana akagwira a, e, i, o, u, n'kudziwa kuti ma, me, mi, mo, mu zimapangika bwanji, njira yatseguka. Ambiri amakakamira pa maphatikizo a malembo angapo monga nkha, mbwe kapena ntchi. N'chifukwa chake mukapita musakafunse kuti "mwana wanga akuchita bwanji?" chifukwa adzakuyankhani kuti akuyesetsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mukafunse kuti, "Aphunzitsi, mwanayu wakakamira pati? Ndi malembo kapena maphatikizo?" Mukawapemphe amuwerengetse inu muli pomwepo. Mukapite ndi makope ake, muone ngati amachongedwa. Mukafunsenso za kaundula, chifukwa ana ena amachoka pakhomo atavala yunifolomu koma n'kukathera ku vidiyo.

Chinanso chimene timachiiwala ndi maso ndi makutu. Mwana amene saona bwino pa bolodi kapena samva bwino timamutcha mbuli, pamene akungofunika kukhala kutsogolo ndi kukapimidwa kuchipatala.

Tsopano za kuitanidwa pa nkhani ya ndalama yokha. Apa mwanena zoona, ndipo masukulu ambiri amalakwitsa. Msonkhano umayamba mochedwa, makolo akhala padzuwa, ahedi alankhula za mpanda, za mlonda, za bilu ya madzi, kenaka atchula mtengo, basi kubalalika. Za kuwerenga kwa ana osatchulidwa n'komwe. Koma ifenso makolo tili ndi mbali yathu: timatuma mwana wantchito kapena mchemwali wake wamkulu kuti akatiimirire, ndiye tikamva zomwe agwirizana timadandaulira m'minibasi.

Pa sukulu ya boma makolo ali ndi makomo atatu olowera. Pali PTA, ya makolo ndi aphunzitsi. Pali komiti yoyendetsa sukulu, imene imayang'anira chitukuko ndi katundu, ndipo imakhala nawo pokonza mapulani a momwe ndalama zothandizira sukulu zochokera ku boma, zija amati SIG, zigwirire ntchito. Muli ndi ufulu wofunsa pa msonkhano kuti ndalamazo zinabwera zingati ndipo zinagula chiyani, ndi kupempha kuti pa zokambirana pakhale nkhani ya mabuku ndi kuwerenga. Ndiye pali gulu la amayi, lija timangoti Mother Group. Kwa ine awa ndi amene amagwira ntchito yooneka kuposa onse, koma sayamikiridwa. Amalondola ana ojomba mpaka kunyumba, amalangiza atsikana, ena amasoka nsalu zogwiritsa ntchito atsikana akakhala kumwezi, ndipo amabweza kusukulu omwe anasiya chifukwa cha mimba, poti lamulo lowalola kubwerera lilipo kuyambira 1993. Komwe ana amalandira phala, monga m'masukulu othandizidwa ndi Mary's Meals, ophika ndi makolo omwewo, kulawirira m'mamawa popanda malipiro.

Zikakanika kwa aphunzitsi ndi kwa ahedi, pamwamba pawo pali mlangizi wa maphunziro wa zoni, a PEA, amene amakhala ku TDC, malo ochitirako maphunziro a aphunzitsi a m'zoniyo. Makolo ambiri sadziwa kuti akhoza kukafika kumeneko.

Kunyumba musadikire kuti mukhale ndi shelefu ya mabuku. Pepala la sopo, thumba la shuga, zikwangwani za m'njira popita ku msika, buku la nyimbo za kutchalitchi, zonsezi n'zowerenga. Dulani katoni, lembani maphatikizo, azilumikiza yekha: "ma" ndi "dzi", "nyu" ndi "mba". Pang'ono tsiku lililonse, dzuwa lisanalowe poti magetsi sitingawadalire, ndipo chikwapu chikhale kutali. Mwana woopa amaloweza, sawerenga. Bambo ake nawonso akhalepo, si ntchito ya amayi okha ayi.

Za pulaiveti, zilipo zabwino ndithu, zokhala ndi ana ochepa m'kalasi. Ziliponso zongotsegulidwa m'nyumba yogona, aphunzitsi ake osapita ku koleji ya uphunzitsi, kumene mwana amaimba ndakatulo za Chingerezi mokoma koma osatha kuwerenga dzina la agogo ake. Mukafuna kusamutsa, kafunseni ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa ku unduna wa zamaphunziro, kaoneni kalasi ili mkati, ndipo werengerani fizi ya materemu onse mpaka Sitandade 8, pamene adzalembe mayeso a MANEB, osati ya teremu imodzi yokha. Ine ndikanati mumupatse teremu imodzi pomwe alipo, inu ndi aphunzitsi mukugwirira limodzi, ndipo muwapemphe amukhazike kutsogolo. Teremu ikatha maphatikizo akumukanikabe, mundilemberenso, tidzakambirane zosamutsazo.