Mayi a ku Chinamwali, ndalama zothandizira ana anuwo zilipo koma zimafuna wokonzekeratu

Mayi ena a ku Chinamwali andilembera kuti ali ndi ana awiri, wamkulu ndi namwino, wagwira ntchito zaka zitatu pa chipatala chaching'ono ndipo akufuna kupitiriza sukulu, wamng'ono anamaliza za luso pa Chanco, amajambula komanso kuimba koma angokhala pakhomo. Akuti amangomva zoti kuli ma grant, ndalama zothandizira zosabweza, koma sadziwa pogogoda.

Mayi, zikomo kwambiri pondikhulupirira. Chimene chimandiwawa mtima ndi choti ana athu ambiri amayamba kuthamangathamanga kusaka mapepala tsiku lomwe aona chilengezo, deadline ili mawa, transikiripiti kulibe, pasipoti inatha kalekale, wowalembera kalata ya umboni ali ku maliro kumudzi, basi mwayi wapita.

Tiyambe ndi anamwinowo. Ngati ali ndi dipuloma, ayambe kaye digiri, chifukwa ma scholarship akuluakulu akunja ndi a masters. Ngati digiri ali nayo kale, Chevening ya boma la Britain imalipira chaka chimodzi cha masters, imatsegula cha mu Ogasiti, ndipo imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, maola 2,800, ndiye zaka zitatu zawozo zakwana ngati anazigwira atamaliza kale digiriyo. Akamaliza amayenera kubwerera kuno zaka ziwiri. Palinso Beit Trust yomwe imatenga a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, komanso ma scholarship a Commonwealth. China chomwe anamwino ambiri sachidziwa ndi choti bungwe la zaumoyo la RSTMH (Royal Society of Tropical Medicine and Hygiene) la ku London limapereka mpaka mapaundi 5,000 kwa ongoyamba kumene kafukufuku, ndipo kafukufukuyo atha kukhala wa zomwe amaziona tsiku ndi tsiku, monga chifukwa chomwe amayi ena amasiyira sikelo panjira. Laisensi yawo ya ku Nurses and Midwives Council isathe, ndipo nkhani ya tchuthi chophunzira akambirane ndi mabwana awo padakali pano.

Tsono mnyamatayo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa makolo ambiri mumaona ngati zaluso ndi kungotaya nthawi. Ayi mayi, ndi ntchito imeneyo. Akalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, kuti nyimbo ndi zojambula zake zidziwike kuti mwini wake ndi iye, komanso azitchera khutu akalengeza za Copyright Fund, thumba la ndalama zothandizira aluso. Kunja kuli Prince Claus Fund ya ku Netherlands yomwe imapereka ma euro 5,000 kwa aluso 100 ongoyamba kumene. Koma onsewa safunsa kuti uli ndi mavuto otani, amafuna aone ntchito yako ndi chomwe ukachite ndi ndalamazo.

Mnyamata wina anabwera kwa ine ndi bajeti ya mzere umodzi, walemba kuti ndalama za project, basi. Tinakhala pansi masana onse kuiphwanya: penti zitini zingati, maburashi, nsalu, transipoti ya pa kabaza kuchoka ku Chikanda kufika mtauni, holo masiku angati, mtengo uliwonse anapita yekha kukafunsa mu shopu. Zithunzi zake zinali zojambula usiku ndi kafoni, zakuda bii, zina zodutsa pa WhatsApp mpaka kufufutika. Ndinamuuza azitulutse panja m'mawa dzuwa lisanakwere, azitsamiritse pa khoma loyera, ajambulenso chilichonse pachokha. Atabwera nazo ngakhale iye mwini anadabwa kuti ntchito yake ndi yokongola chonchi.

Ndiye mayi, muli ndi mwayi womwe mwina simunauone, namwino ndi wojambula m'nyumba imodzi. Konkuno ku Zomba kuli ArtGlo, bungwe lomwe limagwiritsa ntchito zisudzo ndi zaluso pophunzitsa anthu za umoyo monga za HIV. Awiriwa atagwirizana, wina adziwa chomwe chikuvuta odwala, wina adziwa kuchiika pa khoma kapena mu nyimbo kuti agogo a ku Jali amve, pempho lotero limamveka bwino kuposa la munthu wongoti ndithandizeni. Ayambe ndi kakang'ono, ngakhale kujambula khoma limodzi la pa chipatala atapempha chilolezo, akhale ndi chooneka choloza.

Chomaliza chonde muwauze onse awiri, grant yeniyeni salipiritsa. Wina akati tumizani kaye ya fomu pa foni kuti dzina lanu lilowe, ameneyo ndi wakuba, ndaonapo mayi atagulitsa matumba a chimanga chifukwa cha uthenga wotere ndipo zinandikhudza kwambiri. Chilengezo chilichonse akachitsimikize pa webusayiti ya bungwe lenilenilo.

Mnyamatayo asankhe zithunzi khumi zomwe amazinyadira, anamwinowo ayitanitse transikiripiti sabata ino, akakonzeka mundiuze tidzaonere limodzi zolemba zawo.