Kwa achemwali a ku Luton: musanaitane alamu kudzaika tchaja ya galimoto

Achemwali, funso lanu m'gulu lathu lino ndaliona usiku nditaweruka, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuyankheni mofatsa. Mwati mwagula galimoto yamagetsi, nyumba ndi yanuyanu ku Luton ndipo poimika galimoto palipo pakhomo pomwepo. Tchaja yotchipa mwaipeza pa intaneti, ndipo alamu anu amene ankalumikiza mawaya m'nyumba za anthu ku Lilongwe asanabwere kuno ku England akuti atha kukuikirani Loweruka limodzi lokha. Mukufuna kudziwa ngati palidi chifukwa cholipirira ndalama zambiri kwa wamagetsi wovomerezeka. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Chifukwa chilipo, ndipo ndikupemphani ndi mtima wonse kuti ntchito imeneyi musaipereke kwa munthu amene sali m'kaundula wa amagetsi ovomerezeka, ngakhale akhale waluso chotani.

Luso la alamu anuwo sindikulikayikira ayi. Amisiri akwathu ambiri ntchito amaidziwa, ndipo magetsi a ku Malawi ndi a kuno ndi pachibale: ma volt 230, pulagi ya mano atatu yomweyi. Koma nkhani ya tchaja sigona pa kulumikiza waya wofiirira ndi wabuluu. Igona pa mmene magetsi amalowera m'nyumba mwanumo, ndi pa mapepala amene amatsala ntchito ikatha. Ife tinaikitsa yathu kuno ku Leeds, ndipo tsiku limenelo ndinakhala pambali pa mmisiri kuyambira m'mawa mpaka atalongedza zida zake, ndikumufunsa chilichonse.

Ndiyambe ndi kulemera kwa katunduyu. Ketulo imakoka magetsi ambiri ndithu, pafupifupi 3 kW, koma pakatha mphindi zitatu yazima. Tchaja ya pakhoma imakoka 7.4 kW, ma amp 32, ndipo sipuma. Batire la 60 kWh likakhala litatheratu limafuna maola pafupifupi 8 kuti lidzaze, maola onsewo waya akutenthera m'khoma inu muli mtulo, ana ali m'chipinda cham'mwamba. Polumikizira pamene sipanamangidwe zolimba, pa ketulo sipangakuonetseni vuto kwa zaka, koma pa tchaja pamayamba kutentha pang'onopang'ono mpaka pulasitiki n'kusungunuka.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga tisanaike n'komwe tchaja ya pakhoma. Miyezi yoyamba tinkatchajira pa soketi wamba ya m'galaja ndi kebulo ija imabwera ndi galimoto. Imeneyi imangokoka ma amp 10, ndiye kuti 2.3 kW, moti batire lomwe lija limafuna tsiku lathunthu ndi maola ena pamwamba. Tsiku lina m'mawa ndikuzula pulagi ndinamva kuti ndi yofunda m'manja, ndipo m'galaja munali kafungo ka pulasitiki yopsa. Nditayang'anitsitsa, kabowo kamodzi ka soketi kanali katachita bii m'mphepete, ngati pamene pazimitsidwira ndudu. Soketi imeneyo inali yakale, yoikidwa ndi eni nyumba oyamba kuti azilumikizapo makina otchetchera kapinga. Kuchokera tsiku lomwelo ndinasiya kuchedwetsa nkhani ya tchaja. Ngati panopa mukutchajira pa soketi, muziigwira pakapita ola muone ngati ikutentha, ndipo extension isayandikire n'komwe.

Wamagetsi weniweni sayamba ndi kuboola khoma. Amayamba ndi kuyendera nyumba, kapena kukuuzani kuti mumutumizire zithunzi za mita, za fyuzi yaikulu ndi za bokosi la maswitchi. Amafuna adziwe kukula kwa fyuzi yolowera magetsi m'nyumba. Nyumba zambiri kuno zili ndi ya ma amp 60, 80 kapena 100. Tsono tawerengani nokha: tchaja yatenga 32, mwana walowa m'bafa n'kutsegula shawa yamagetsi imene imakoka pafupifupi 40, inu kukhitchini mwayatsa uvuni ndi ketulo. Pa fyuzi ya 60 mwadutsa kale malire. Fyuzi imeneyo si yanu, si ya alamu, si ya kampani imene imakutumizirani bilu. Ndi ya kampani yosamalira mawaya a m'dera lanu, imene kuno amaitcha DNO. Ku Luton ndi UK Power Networks, kuno ku Leeds ndi Northern Powergrid. Fyuziyo ili ndi chidindo, ndipo munthu wamba saloledwa kuchidula. Tchaja iliyonse ikaikidwa a DNO amayenera kudziwitsidwa, ndipo ngati magetsi onse a pakhomo angapitirire ma amp 60, amafunsidwa kaye ntchito isanayambe. Wamagetsi wovomerezeka amalemba yekha zimenezi m'malo mwanu.

Kwathu mmisiri atatsegula bokosi la mita anandionetsa mawaya awiri akuda onenepa olowa pansi pa fyuzi, m'malo mwa mmodzi. Anati waya wochokera kumsewu amafika kwathu kenaka n'kupitirira kwa aneba, ndiye kuti nyumba ziwiri tikudyera mbale imodzi. Pachingerezi amati looped supply, ndipo imapezeka kawirikawiri m'nyumba zogundizana. Ine ndakhala m'nyumbamo zaka osadziwa. Tinachita kudikira kuti atilekanitse, nyumba iliyonse ikhale ndi waya wakewake, ndipo fyuzi yathu anaikweza. Kudikirako kunandiwawa chifukwa galimoto inali kale pakhomo, koma munthu wongobwera Loweruka ndi dirilo akanangolumikiza osaona n'komwe, aneba athu n'kusenzetsedwa katundu amene sakumudziwa. Mmisiriyo anamangiriranso kachipangizo kokhala ngati chibangili pa waya wolowa m'nyumba, kotchedwa CT clamp. Kamayeza magetsi amene nyumba yonse ikukoka, ndipo shawa ikangotsegulidwa tchaja imadzichepetsa yokha, shawa ikatsekedwa imabwerera mwakale.

Koma chimene chimandichititsa mantha kwambiri ndi nkhani ya earth, waya woteteza anthu popatsa magetsi osochera njira yothawira, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. M'nyumba zambiri za kuno, earth ndi neutral (waya wobwezera magetsi) zimabwera kuchokera kumsewu pa waya mmodzi, n'kudzapatukana zitafika pakhomo. Njira imeneyi amaitcha PME. Waya ameneyu akaduka kapena kuwonongeka kunja uko, mwina pansi pa msewu pomwe inu simungaone, zitsulo zonse zolumikizidwa ku earth ya nyumba zimatha kukhala ndi moto wa magetsi. Galimoto ikakhala pa tchaja, thupi lake lonse ndi chimodzi mwa zitsulo zimenezo. Ndiye taganizani m'mawa kwagwa mvula, pansi panyowa, mwana wathamangira panja wopanda nsapato n'kugwira chitseko cha galimoto. Magetsi amafuna njira yopitira m'nthaka, ndipo njirayo ndi iyeyo. M'nyumba ngoziyi imachepa chifukwa simuponda dothi, koma panja ndi nkhani ina. N'chifukwa chake malamulo a mawaya a kuno, BS 7671, ali ndi gawo lakelake la matchaja a galimoto, gawo 722. Pamafunika tchaja yokhala ndi chitetezo chodula magetsi yokha ikazindikira vuto limeneli, kapena chipangizo chapadera choikidwa pambali, kapena kukhoma chitsulo cha earth m'nthaka n'kuchiyeza ndi makina. Kusankha njira yoyenera kumadalira nyumba yanuyo, ndipo kukhoma chitsulo pansi mwachisawawa kungathe kuboola paipi ya gasi kapena ya madzi.

Palinso kaswitchi koteteza anthu kotchedwa RCD, kaja kamagwa kokha magetsi akayamba kudutsa posayenera. Galimoto yamagetsi itha kubweza magetsi a mtundu wa DC, wa m'mabatire, m'mawaya, ndipo akapitirira 6 mA amatha kulepheretsa RCD wamba kugwa pa nthawi imene mukuifuna. Choncho tchaja imafuna mzere wakewake kuchokera pa bokosi la maswitchi, ndi RCD ya Type B, kapena ya Type A ngati tchajayo ili ndi chozindikira DC m'kati mwake. Zonsezi zimayezedwa ndi makina ntchito ikatha. Wathu anatha nthawi yaitali akuyeza ndi kulemba manambala kuposa imene anatha akupachika tchaja pakhoma.

Za tchaja yotchipa ya pa intanetiyo, samalani. Kuyambira pa 30 June 2022, tchaja iliyonse ya pakhomo yogulitsidwa ku England, Scotland ndi Wales imayenera kukhala yotha kulumikizana ndi intaneti komanso kusankha nthawi yotchajira. Zina zochokera kunja sizikwaniritsa zimenezi, ndipo zina zilibe chitetezo cha earth ndafotokoza chija. Amisiri ambiri amakana kuika tchaja imene sakuidziwa, ndiye mutha kutsala ndi katoni pakhonde. Mayina amene mudzamve kawirikawiri ndi Zappi, Ohme, Hypervolt ndi Pod Point. Musanasankhe onani kaye kampani yanu ya magetsi, chifukwa mitengo yotsika ya usiku, monga Intelligent Octopus Go ya kampani ya Octopus, imagwira ntchito ndi matchaja ena kapena magalimoto ena okha. Phindu lenileni la galimoto yamagetsi lili pa kutchaja usiku pamtengo wotsika. Ena amakonda tchaja yobwera ndi kebulo yakeyake, ena yongokhala ndi soketi. Ine ndinasankha ya kebulo chifukwa m'nyengo yozizira sindifuna kumatsegula buti mumdima. Yesaninso ngati Wi-Fi ikufika pamalo pamene mukufuna tchajayo ikhale.

Tsopano mapepala. Ku England kuika mzere watsopano wa magetsi m'nyumba ndi ntchito imene lamulo la zomangamanga, Part P, limafuna kuti khonsolo idziwitsidwe. Wamagetsi amene ali m'kaundula wa bungwe la NICEIC kapena la NAPIT amaloledwa kutsimikizira yekha ntchito yake n'kudziwitsa khonsolo kudzera ku bungwe lakelo. Munthu amene sali m'kaundula, lamulo likuti mudziwitse khonsolo ntchito isanayambe, mulipire, adzayendere. Mukaphatikiza ndalama imeneyo ndi mtengo wa tchaja, waya wokhuthala ndi maswitchi, zimene mumati mupulumutse zatha kale. Pomaliza muyenera kulandira satifiketi yotchedwa Electrical Installation Certificate yokhala ndi manambala a zimene anayeza, komanso satifiketi yosonyeza kuti lamulo la zomangamanga latsatidwa. Zisungeni pamodzi ndi mapepala a nyumba. Tsiku lodzagulitsa nyumbayo loya wa ogula adzazifunsa, ndipo moto utabuka, a inshuwalansi adzafuna kudziwa amene anaika tchajayo. Opanga matchaja nawonso amatha kukana kukukonzerani kwaulere ngati woika sanali woyenerera. Kwathu komwe si zachilendo izi, paja a ESCOM salumikiza nyumba yatsopano popanda pepala la wamagetsi wovomerezeka.

Posankha munthu, musakhutire ndi chizindikiro chomatidwa pa galimoto yake. Mufunseni nambala yake ya m'kaundula, mukailembe nokha pa webusaiti ya NICEIC kapena ya NAPIT muone ngati dzina likutuluka. Mufunseni ngati anachita maphunziro apadera oika matchaja a galimoto, ngati ali ndi inshuwalansi, ndiponso kuti a DNO awadziwitsa ndani. Wodziwa ntchito sakhumudwa ndi mafunso amenewa, amayankha msangamsanga. Funsani mitengo kwa atatu, yolembedwa, yonena kutalika kwa waya amene wawerengeredwa, chifukwa mita ikakhala kuseri kwa nyumba mtengo umakwera. Nthawi zambiri tchaja ndi ntchito pamodzi zimazungulira pa £1,000. Amene angakupatseni mtengo asanaone bokosi lanu la mita, ngakhale pa chithunzi, musiyeni apite.

Thandizo la ndalama la boma poika tchaja kwa eni nyumba zimene si mafulati linatha mu March 2022, choncho inuyo musaliwerengere. Koma kwa abale ena m'gulu muno amene muli pa lendi kapena m'mafulati, thandizo linapitirira kudzera ku OZEV, ofesi ya boma yoona za magalimoto amagetsi, ndipo limafuna kuti woika akhale wovomerezedwa ndi iwowo, alandilodi atalola polemba. Onani pa webusaiti ya boma ya GOV.UK mmene zilili panopa. Amene mumaimika galimoto mumsewu, musadutsitse kebulo panjira ya anthu oyenda pansi musanalankhule ndi khonsolo.

Ndikudziwa kuti povuta penipeni ndi kuwauza alamu. Munthu wadzipereka ndi mtima wabwino, ndipo kumukana kumaoneka ngati kumunyoza. Auzeni zoona, kuti nkhani ndi ya satifiketi ndi ya DNO, osati manja awo. Apempheni adzakhalepo tsiku loikalo, chifukwa iwo adzamva zimene mmisiri akunena kuposa inu, adzaonanso ngati waya wadutsa mwaudongo. Ndipo ngati ntchitoyi amaikondadi, alimbikitseni akachite maphunziro a kuno a bungwe la za ntchito zamanja la City & Guilds alowe m'kaundula. Ifeyo a m'gulu muno tingakondwe kukhala ndi wamagetsi wathuwathu womuitana.

Mawa kukacha tsegulani bokosi la mita mujambule zithunzi zitatu: mita, fyuzi yaikulu pamodzi ndi mawaya olowa pansi pake, ndi bokosi la maswitchi kachitseko kake kakutsogolo kokha kali kotsegula kuti zolembedwa zioneke. Musagwire chidindo. Pa chotengera cha fyuzi pakhoza kulembedwa 100A pamene fyuzi ili m'katimo ndi ya 60, ndiye nambala imeneyo musaikhulupirire mpaka a DNO kapena mmisiri atatsimikiza. Zithunzi zimenezo ndi zomwe muwatumizire amisiri atatu aja.