Mapolo akuda aja: pa mpanda inde, pamoto ayi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Balaka. Akuti anagula mapolo asanu akale a magetsi, akuda aja onunkha ngati phula. Akufuna ena amangire khola la nkhuku, ena atchingire bedi la ndiwo zamasamba, ndipo zidutswa zotsala mayi a kunyumba aphikire. Funso lawo ndi lakuti, kodi mankhwala ali m'mitengoyi ndi oopsa, kapena ndi fungo chabe?

Bambo, ndiyambe ndi chachangu: awuzeni mayi lero lomwe kuti asasonkhezere moto chidutswa n'chimodzi chomwe. Zinazo tikambirane mofatsa.

Mankhwalawo dzina lake ndi creosote. Amachokera ku malasha, okumba pansi aja ngati a ku Mchenga ku Rumphi, osati makala athu a m'matumba. Malasha akawawotcha m'ng'anjo yosalowa mpweya amatulutsa phula lakuda, ndipo phulalo amalitcheza ngati mmene amatchezera kachasu. Zotuluka pamenepo ndi mafuta olemera, onunkha, amene chiswe ndi nkhungu zowoletsa mtengo sizigwirizana nawo.

Koma mapolo anuwo sanangopakidwa ndi bulashi ayi. M'chaka cha 1838, njanji zikufalikira ku Britain, John Bethell anatulukira njira yotsekera mitengo m'thanki yachitsulo, kuchotsamo mpweya, kenako kukankhira mafutawo mwamphamvu mpaka alowerere m'kati mwa mtengo. Mpaka lero mapolo a magetsi ndi mitengo yoyala pansi pa njanji amaikonza motero. N'chifukwa chake nsichi ya bulugamu wamba chiswe chimaigwetsa pakangopita mvula zingapo, pamene polo yothiridwa bwino imaima zaka makumi angapo. Pa ntchito yake, mankhwalawa ndi katswiri, ndipo sindingawanyoze.

Vuto ndi lakuti chimene chikupha chiswecho thupi la munthu nalonso silichikonda. Mu creosote muli mankhwala mazanamazana osakanikirana, ndipo ena mwa iwo, monga benzo[a]pyrene, amadziwika kuti amayambitsa khansa. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linaika creosote m'gulu la 2A, kutanthauza kuti n'kutheka kwambiri kuti amayambitsa khansa mwa anthu. Umboni wambiri ndi wa khansa ya pakhungu, makamaka mwa anthu ogwira mankhwalawa tsiku ndi tsiku kwa zaka. Mayiko a European Union analetsa kugulitsa creosote kwa anthu wamba mu 2003, ndipo kuyambira mu 2023 mitengo yothiridwa mankhwalawa imaloledwa kugulitsidwa pa ntchito ya njanji ndi mapolo a magetsi kapena a mafoni basi. Ku America nako amene amaloledwa kuthira ndi okhawo ali ndi chiphaso.

Musachite mantha opitirira. Kunyamula polo kamodzi sikungakupatseni khansa. Chimene mungakumane nacho msanga ndi khungu kuwotcha, kufiira, mwina kutuluka matuza, maso kuyabwa, ndi mutu kupweteka chifukwa cha fungo. Ndipo pali kachinthu kena kamene ambiri sakadziwa: mafutawa akakhala pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa, amapsereza kwambiri kuposa mukanakhala pamthunzi. Ndiye ganizirani dzuwa la ku Balaka mu Okutobala, nthawi yomwenso mapolowo amatuluka thukuta lakuda lija.

Tsopano tibwere pa mapulani anu. Bedi la ndiwo, iyayi. Mafutawa amatsikira m'dothi pang'onopang'ono, ndipo dothi la m'dimba ndi lomwe mumaligwira ndi manja, kulithirira m'mawa ndi madzulo, ana n'kumaseweramo. Khola la nkhuku sindingakulimbikitseninso. Usiku mumatseka, mpweya sumayenda, ndipo anapiye sachedwa kufooka. Nkhukuzo zimajompha chilichonse, mazira ake mukudya ndinu. Mbuzi ndi ng'ombe nazo zimanyambita ndi kutafuna mitengo, choncho chodyeramo kapena chomweramo ziweto musapangire mitengo imeneyi. M'nyumba, pakhonde pokhala anthu, pa mpando, pafupi ndi chitsime, monsemo ayi.

Za moto ndiye ndikubwereza dala, chifukwa nkhuni zikuvuta ndipo mtengo wotere umayaka mokopa, ngati wathiridwa palafini. Utsi wakewo ndi umene umanyamula mankhwala onse aja kupita m'mapapo mwa amene akuphika ndi mwana ali kumsana, mwaye wake n'kugwera pa chakudya. Kale mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti anthu amene ankasesa mwaye wa malasha m'machumuni kuyambira ali ana ankadwala khansa ya kumaliseche. Mwaye umenewo ndi creosote ndi pachibale. Kuwotchera nyama, chimanga kapena njerwa, zonsezo zisiyeni, ndipo phulusa lake si la m'munda kapena lochezera chidulo.

Pamene mapolo anuwo angakuthandizeni ndi pa mpanda wa kumalire: m'makona, pa geti, pomangirira waya, kutali ndi madzi ndi ndiwo. Podula, dulirani panja, pamthunzi. Valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno, chifukwa ngakhale polo ioneke youma kunja, m'kati mukadali mankhwala. Mukamaliza sambani ndi sopo musanadye, zovalazo zichapidwe pazokha. Utuchi muwole, musauyale m'khola kapena kuutaya pa manyowa.

Ena amafunsa za oyilo wakutha wa galimoto amene timapaka nsichi. Ameneyo si creosote, salowerera kwenikweni mumtengo, komanso ali ndi zoipa zakezake zowononga dothi ndi madzi.

Zidutswa zotsalazo, ngati zili zotalikirapo, zikhomeni ngati zikhomo zolimbitsira makona a mpanda womwewo. Tizidutswa tating'ono tisungeni pouma, posafika ana, ndipo mufunse a zachilengedwe ku khonsolo ya boma lanu komwe mungakatitaye.