Internship ya ku NASA ikukukanani? Achemwali tiyeni tikambe chilungamo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa kwathu kuno amene ali chaka chachiwiri cha mechanical engineering ku Texas. Akuti akufuna adzagwire ntchito yopanga ndege kapena masetilaiti, anzake mkalasi onse akuapulaya ma internship a kafukufuku a nthawi ya summer, iye wayesa ku NASA koma fomu ikumubweza, ndiye atani?

Achemwali, ndiyambe ndi zowawazo kuti tithane nazo. Fomu ija sikuti ikukubwezani chifukwa cha magiredi ayi. Ma internship a NASA amafuna nzika ya America. Ma REU aja (mapulogalamu a kafukufuku a nthawi ya summer a ophunzira a digiri yoyamba), omwe ndalama zake zimachokera ku National Science Foundation, nawonso ndi a nzika kapena amene ali ndi green card. Makampani a maroketi ngati SpaceX ali pansi pa malamulo otchedwa ITAR, oletsa kuonetsa mlendo luso lomwe lingagwire ntchito pa nkhondo, ndipo kwa boma la America roketi ndi mzinga ndi pachibale. Ndiye inu ndi viza yanu ya ophunzira ya F-1 musatayenso nthawi kumeneko, ngakhale mutakhala ndi GPA ya 4.0 yeniyeni.

Khomo lomwe ndikufuna muliyang'ane ndi la pulofesa. Chitsanzo chabwino ndi SURF, pulogalamu ya kafukufuku wa nthawi ya summer ya ku yunivesite ya Caltech, ku Pasadena, yomwe inayamba mu 1979. Ndi masabata 10, pakati pa June ndi August (kwathu kuno anthu akuotha moto chifukwa cha chiperoni, inu mukupsa ndi dzuwa la California), amalandira ophunzira a mayunivesite ena komanso ochokera kunja, ndipo amapereka kandalama. Koma kachitidwe kake si kongodzaza fomu n'kudikira ayi. Mumayamba mwapeza pulofesa woti akutengeni, mukambirane kafukufuku, inuyo mulembe proposal, zonse zifike cha mu February. Caltech ndi imene imayendetsa JPL, lab yopanga zombo za mlengalenga, mmalo mwa NASA, koma kulowa mkati mwa JPL kwa mlendo kumakhala ndi zipsinjo zake, choncho ine ndingati lozani ma lab a pa campus monga GALCIT ya za ndege, kuli ma wind tunnel (makina opemerera mphepo poyesa mapiko a ndege).

Imelo yopita kwa pulofesa ndi pomwe ambirife timagwa chagada. Timalemba ngati kalata yopempha fizi, ndime zinayi za umphawi wa kumudzi ndi maloto a ubwana. Munthu uja ali ndi maimelo ambirimbiri, sawerenga zimenezo. Werengani pepala lake limodzi, ngakhale mumve theka lokha, mumuuze chimene chakusangalatsani, kenako mzere umodzi wonena zomwe manja anu amatha: mapulogalamu a kompyuta monga MATLAB, Python, SolidWorks, kuwotcherera mawaya, chilichonse. Lembani mu November, osati pa 30 January usiku.

Ndipo musaganize kuti mukangofika akupatsani roketi. Ine summer yanga yoyamba mu lab ndinakhala masabata awiri ndikumata tizidutswa ta ulusi pa kaphiko ka ndege ndi selotepi, timizere timizere, kuti tikayatsa mphepo tione pomwe mpweya ukusiya kutsatira phiko. Phiko likapendekeka pang'ono ulusi wonse umagona bwinobwino kuloza kumbuyo, mukapitiriza kulipendeketsa umayamba kuvina mbali ya kumbuyo kenako wonse balalabalala, ndiye stall (phiko kulephera kunyamula ndege) imene ndinkaloweza mbuku ija ndinaionera pamenepo. Tsiku lina ndinaiwala kuika sikelo pa ziro ndisanayatse makina, data ya tsiku lonse inapita mmadzi, mkulu wa PhD amene ankandiyang'anira anangoseka n'kuti tiyambirenso mawa. Pa intaviyu ya ntchito patapita zaka, nkhani ya ulusiyi ndi imene anandifunsa kwambiri kuposa transcript.

Chinanso, musadumphe pakhomo panu. Viza ya F-1 imalola kugwira ntchito pa campus mpaka maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndi tsiku lonse pa holide. Gogodani kwa aphunzitsi a dipatimenti yanu, lowani gulu la Design/Build/Fly (mpikisano wopanga ndi kuulutsa tindege) la bungwe la mainjiniya a ndege la AIAA ngati lilipo, mudetse manja. Mukapeza internship ya kunja kwa sukulu yanu mufunika chilolezo monga CPT, ndiye pitani ku ofesi ya ophunzira akunja musanasaine chilichonse, zimenezi osachita zongomva kwa anzanu pa WhatsApp.

Mwafunsanso ngati luso limeneli lili ndi ntchito mukabwerera kuno. Ku Kasungu kuli malo oyeserako ma drone omwe boma ndi UNICEF anatsegula mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunayamba sukulu ya African Drone and Data Academy mothandizana ndi Virginia Tech. Anzathu a ku Zimbabwe anakweza setilaiti ya ZIMSAT-1 mu 2022, yomwe mainjiniya awo anakapangira ku Kyushu Institute of Technology ku Japan. Ku Cape Town, yunivesite ya CPUT inatumiza kasetilaiti kake ZACUBE-1 mu 2013, kakang'ono koti mutha kukanyamula mdzanja limodzi.

Sankhani mapulofesa asanu, mulembe imelo yoyamba, munditumizire ndiione musanaitumize.